Kodi Mwana Uyu Apikisane Ndi Yani?

Pa tchuthi chapitachi ndili kwathu cha ku Kabudula, ndinaperekeza mng'ono wanga ku mpira wa sukulu za pulayimale za m'zoni yathu. Iye ali ndi zaka 12, ali Sitandade 6, ndipo amasewera kumbuyo. Timu ya alendo itatsika pa lole, anthu amene anali m'mbali mwa bwalo anayamba kuseka. Wakutsogolo wawo anali ndi chibwano chometa chakumene, mawu a besi, ndi akatumba a munthu wozolowera khasu. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anafunsa mokweza ngati masiku ano aphunzitsi nawonso akuloledwa kusewera. Aphunzitsi a timu ija sanavutike. Anatulutsa kaundula wa kalasi, dzina la mnyamatayo linalimodi, Sitandade 7, ndipo mpira unayamba. Mng'ono wanga anatuluka m'bwalo chigawo choyamba chisanathe, bondo litatupa, ndipo madzulo ake anauza amayi kuti mpira wausiya.

Sinditchula sukuluyo, chifukwa nditaganiza bwino ndaona kuti mwina sanabe konse. Mnyamata uja ndi wophunzira weniweni. Vuto lili pa funso limene m'masewero onse a ana liyenera kuyankhidwa wina asanaimbe wezulo: kodi tiwasanja bwanji anawa kuti wopikisana naye akhale mnzake wofanana naye? Njira zake zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi pobowoka pake.

Njira imene sukulu zathu za kumudzi zimatsata kawirikawiri ndi ya kalasi: wa pulayimale asewere ndi wa pulayimale. Ikanakhala yabwino zikanakhala kuti ana onse amayamba sukulu ali ndi zaka 6, monga boma limanenera, ndipo amakwera chaka ndi chaka. Koma makolo amene mukuwerenga mukudziwa mmene zimakhalira kwa ife a ku Nsaru, Mpingu kapena Nambuma. Wina amachedwa kuyamba chifukwa sukulu ili kutali ndipo dambo limadzaza nthawi ya mvula. Wina amasiya chaka chathunthu kukathandiza kusoka fodya, kenaka n'kubwerera. Wina amabwereza Sitandade 8 kawiri katatu pofuna kuti asankhidwe. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ya pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ophunzira chinachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ambiri mwa olowa kumenewo anali akuluakulu kale. Mpaka lero m'kalasi imodzi mumatha kupezeka wa zaka 12 ndi wa zaka 18 atakhala desiki imodzi. Pa masamu akhoza kufanana. Pa kulimbirana mpira wa m'mwamba safanana.

Tsono anthu amati, tisanje ndi zaka. Ndi mmene amachitira a FIFA, a CAF ndi a FAM: osapyola zaka 15, osapyola 17, osapyola 20. Amaika tsiku lodulira. Mwachitsanzo, pa chikho cha dziko lonse cha osapyola zaka 17 cha 2009, wosewera anayenera kukhala wobadwa pa 1 Januwale 1992 kapena pambuyo pake. Lamulo ndi lomveka, koma limatsamira pa pepala, ndipo pepalalo ndi limene kwathu kuno lakhala lofooka. Agogo athu ankawerenga zaka ndi zochitika: anabadwa chaka cha njala, anabadwa chaka cha dzombe. Abambo anga amati pa nthawi yawo mphunzitsi wamkulu ankayesa mwana woyamba sukulu pomuuza kuti adutsitse mkono pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Lamulo lokakamiza kulembetsa ana obadwa linapangidwa m'chaka cha 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015, pamene zitupa za unzika anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo anajambulitsa mwaunyinji mu 2017. Pojambulitsapo ambiri anangotchula zaka zimene ankazidziwa kapena zimene ankazifuna. Palinso chizolowezi chakale cha obwereza Sitandade 8, chosintha dzina ndi kudula zaka kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Munthu wotere amakhala ndi zaka ziwiri: za kunyumba ndi za kusukulu. Mphunzitsi wa masewero wofuna chikho amadziwa zimene angasankhe.

Ife Amalawi tinapindulapo ndi nkhani yotereyi. M'chaka cha 2009, pa mpikisano wa mu Africa wa osapyola zaka 17 ku Algeria, timu yathu inali gulu limodzi ndi Burkina Faso, Niger ndi Zimbabwe. Niger inachotsedwa chifukwa choseweretsa wopyola zaka, ndipo Malawi ndi amene analowa m'malo mwake mu ndime ya matimu anayi. Potero anyamata athu, motsogozedwa ndi mphunzitsi John Kaputa, anapita ku chikho cha dziko lonse ku Nigeria chaka chomwecho, kumene anakumana ndi United Arab Emirates, United States ndi Spain. Anagonja masewero onse atatu, komabe anakafika. Taganizirani zikanakhala kuti chinyengo chija sichinaululike. Anyamata amenewa akanabwerera kwawo akudziona ngati olephera, chonsecho amene anawaposawo sanali a msinkhu wawo.

Chikho cha ku Nigeria chomwecho ndi pamene FIFA inayamba kuyeza osewera ndi makina a MRI. Kayezedwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Pamene mkono umalumikizana ndi dzanja, pomwe timamangapo wotchi, kumapeto kwa fupa kuli kachigawo kofewa kamene fupa limakulirapo. Mwana akamakula kachigawoka kamachepa, mpaka kutsekeka ndi kusanduka fupa lolimba. Madokotala amajambula malowa ndi kuika chithunzicho pa sitepe, kuyambira 1 mpaka 6. Sitepe 6 ndiye kuti patsekeka kotheratu. Kafukufuku amene anatsogolera dokotala wa FIFA, Jiri Dvorak, pa anyamata a ku Switzerland, Malaysia, Algeria ndi Argentina, anapeza kuti mwa anyamata osafika zaka 17 amene patsekekeratu sakwana mmodzi pa 100 aliwonse. Choncho wopezeka pa sitepe 6 amachotsedwa, kaya pasipoti yake ikunena zotani.

Makinawa agwira ambiri. Mu Novembala 2020, pa mpikisano wa COSAFA wa osapyola zaka 17 ku South Africa, matimu anayi anabwezedwa kwawo: Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe. Anatsala ndi Malawi, Zambia, Angola ndi eni bwalo. Ku Cameroon, mtsogoleri wa mpira kumeneko Samuel Eto'o atalamula kuti anyamata ayezedwe, 21 mwa 30 analephera. Koma tisawakhulupirire mopyola muyeso makinawa. Satchula zaka za munthu. Amangonena ngati fupa latseka kapena ayi. Wa zaka 18 amene fupa lake likuchedwa akhoza kudutsa, ndipo wa zaka 16 wokula msanga akhoza kuchotsedwa ali wosalakwa. Kwa atsikana njirayi siidalirika kwenikweni, poti mafupa awo amatseka msanga. Ndipo kunena zoona, ndani angatengere timu ya pulayimale ya ku Kabudula ku MRI, pamene ngakhale odwala amavutika kuwapeza makinawo?

Pali masewero ena amene amasanja ana mwa njira yachitatu, ya luso, ndipo ndi amene anandithandiza kumvetsa nkhani yonseyi. Ndikunena gymnastics, masewero aja a chipidigori, kudumpha ndi kulendewera pa zitsulo, amene ambiri a ife tinangowaona pa kanema nthawi ya Olympics. Ku United States, atsikana ochita masewerowa amaikidwa m'magawo kuyambira 1 mpaka 10. Gawo lililonse lili ndi zimene mwana ayenera kutha kuchita, ndipo kuti akwere m'magawo a mpikisano ayenera kukhala atafika zaka zoikika ndiponso atapeza malikisi okwanira pa gawo limene ali. Cholinga chake n'chabwino: mwana asayese chipidigori cha m'malere chimene thupi lake silinakonzekere, angathyoke khosi. Pa tsiku la mpikisano amawagawanso ndi zaka m'kati mwa gawolo. Munthu angati basi, apa chilungamo chapezeka.

Koma nako kuli madandaulo. Lamulo limaletsa kukwera msanga, koma kawirikawiri silikakamiza kukwera. Wosankha ndi mphunzitsi. Ndiye ena amasunga mtsikana wodziwa kale za gawo 6 pa gawo 4 chaka chachiwiri, kuti akasese mamendulo onse ndipo kalabu yawo itchuke. Makolo a ana enawo amadandaula, pamene mphunzitsi amayankha kuti mwanayo akufunika kukhwima kaye, ndipo nthawi zina amakhala akunenadi zoona. Palibe angalowe mumtima mwake. Kodi izi zikusiyana pati ndi wobwereza Sitandade 8 amene amakhala nambala wani pakati pa ana olemba koyamba?

Chodabwitsa china n'chakuti mu gymnastics chinyengo cha zaka chimayenda chobwerera m'mbuyo. Ku mpira wamkulu amadzichepetsa, pamene kuno wamng'ono amakuzidwa, chifukwa thupi la kamtsikana ndi lopepuka, lofewa, ndipo kamtima kake sikadziwa mantha. Nadia Comaneci wa ku Romania anali ndi zaka 14 pamene anadabwitsa dziko ku Montreal mu 1976. Pofuna kuteteza ana, kuyambira 1997 bungwe loyendetsa masewerowa linalamula kuti mtsikana wopikisana ndi akuluakulu akhale wokwanitsa zaka 16 m'chaka cha mpikisanowo. Ku Sydney mu 2000 timu ya China inapata mendulo ya nambala 3. Patapita zaka 8, mmodzi wa atsikanawo, Dong Fangxiao, analembetsa kukagwira ntchito pa Olympics ya ku Beijing, ndipo mapepala ake anaonetsa kuti anabadwa mu 1986, osati 1983 monga zinalembedwera poyamba. Ndiye kuti ku Sydney anali ndi zaka 14. Mu 2010 mendulo ija inalandidwa ndi kuperekedwa kwa timu ya United States. Anzake a mu timu, amene sanalakwe kanthu, anataya nawo mendulo, ndipo ndikayika ngati mwana wa zaka 14 ndi amene anasintha yekha mapepala a boma.

Apa ndi pamene ine ndaima. Kaya tisanje ndi kalasi, zaka kapena luso, wosanja ndi wamkulu, ndipo wolandira chilango ndi mwana. Wamng'ono amavulala kapena kutaya mtima ngati mng'ono wanga, ndipo sitidzadziwa kuti akanafika pati. Wamkulu uja naye amanamizidwa. Amagoletsa zigoli chifukwa cha thupi, saphunzira kuganiza kapena kupatsira, ndipo tsiku lokumana ndi a msinkhu wake amapezeka kuti alibe kanthu. N'chifukwa chake matimu ambiri a achinyamata amawala pa osapyola zaka 17, koma maina awo osamvekanso pa timu yaikulu.

Ngakhale pakati pa ana a zaka zoona kusiyana kulipo. Wobadwa mu Januwale ndi wobadwa mu Disembala chaka chimodzi ali gulu limodzi, chikhalirecho asiyana pafupifupi chaka chathunthu, ndipo pa zaka 13 chaka chimodzi ndi chachikulu. Ankhonya anazindikira kale zimenezi, ndiye amakweza munthu pa sikelo asanalowe m'bwalo. Ku New Zealand, m'madera ena, ana osewera rugby amasanjidwa ndi zaka pamodzi ndi kulemera kwa thupi. Sikelo kwathu kuno siisowa. Nyengo yokolola imapezeka pa msika uliwonse.

Zimene tingathe ife sizifuna makina. Choyamba, zoni ikhale ndi magulu awiri, la ana ndi la okulirapo, kuti mnyamata wa ndevu uja asathamangitsidwe koma apatsidwe anzake, poti nayenso ndi wophunzira ndipo mwina mpirawo ndi umene ukumusunga pa sukulu. Chachiwiri, zaka zilembedwe kumayambiriro a chaka aphunzitsi a sukulu zonse ali pamodzi, osati pa bwalo anthu atatentha kale mitu. Ndipo umboni ukhale pepala limene linalembedwa mwanayo ali wakhanda, pamene panalibe aliyense woganiza za chikho. Mapepala otere alipo kuposa mmene timaganizira. Wobadwira ku chipatala ngati cha St. Gabriel ku Namitete kapena cha Kabudula analembedwa. Amayi ambiri amasunga khadi la kusikelo m'sutikesi. Kwa ife Akatolika, malamulo a Mpingo amafuna kuti m'buku la ubatizo mulembedwe tsiku ndi malo obadwira, ndipo ife tonse pofunsira malo ku seminale tinaonetsa khadi limenelo. Wobatizidwa ali khanda mu 2009 sangakhale wobadwa mu 2012. Wobatizidwa atakula kale ndiye ayi, buku lingathe kungolemba zimene anauzidwa akatekisiti, choncho pamenepo pafunika umboni wina.

Ndisanabwerere kuno ndinapempha amayi kuti afufuze khadi la kusikelo la mng'ono wanga. Analipeza pansi pa nsalu zawo za ku Chigwirizano, litadyedwa ndi njenjete m'mbali, koma tsiku lobadwa likuwerengeka. Ndinamuuza kuti akalipereke kwa aphunzitsi ake a masewero teremu ino, ndipo akawafunse ngati a sukulu zinazo angabweretsenso awo. Bondo lija linaphwa, ndipo tsiku limene ndimanyamuka ndinamuona kuseri kwa chigafa akumanga mpira wa mapepala.