Kachitsulo kobisala m'dongo ndi mng'alu wa mbaula

Sitima ya Ilala ikaima padoko la Nkhata Bay, katundu wopita ku Likoma ndi Chizumulu amaunjikana mpaka kusowa popondapo: matumba a ufa, mitolo ya nkhuni, malata, nkhuku m'madengu. Pakati pa katunduyo sipalephera kupezeka mbaula yamakala, ija yachitsulo kunja koma yomata dongo lootcha m'kati. Mwini wake amainyamula ngati khanda, podziwa kuti dongolo likangochita mng'alu ndiye kuti ndalama yake yalowa m'madzi.

Komatu si kugwa kokha kumene kumaswa mbaula. Ina imafika kunyumba ili bwinobwino, koma pamoto woyamba, madzi a kondowole asanawire n'komwe, imamveka kuti thee! Ina yogulidwa tsiku lomwelo imatha zaka. Nkhaniyi si yaing'ono m'dziko limene pafupifupi banja lililonse limaphikira nkhuni kapena makala, ndiponso limene boma lake lidalonjeza mu 2013 kuti pofika 2020 mbaula zosamala nkhuni, monga Chitetezo Mbaula youmbidwa ndi dongo lokhalokha, zikhale zitafika 2 miliyoni.

Gwero la mng'alu ndi kunyala kwa dongo. Likamauma limachepa, ndipo likalowa pamoto limachepanso chifukwa madzi amene adamangika m'kati mwake amathawa. Pamene dongo likunyala, timchenga tam'kati mwake timafufuma mwadzidzidzi moto ukafika madigiri 573. Kukokana kumeneku n'kumene kumang'amba chiwiya. Amayi oumba mbiya sadziwa za madigiri, koma mankhwala ake adawapeza kalekale: amasakaniza dongo ndi mapale osinja kapena mchenga wosefa bwino, zinthu zimene sizinyala, kuti zigwire dongolo ngati mafupa.

M'dongomo mulinso chitsulo, ngakhale palibe adachiikamo. Kufiira kwa dothi la katondo ndi dzimbiri basi. Mbiya ikapsa pamoto wopita mphepo yokwanira imatuluka yofiira, koma mbali imene idaphimbidwa ndi utsi imada. Kusinthaku sikuthera pa maonekedwe. Chitsulo chosowa mpweya chimathandiza dongo kuyamba kusungunuka msanga, ndipo n'chifukwa chake njerwa zoyandikana ndi khomo la moto muuvuni zimatuluka zakuda, zolimba ngati mwala, zina zopindika moti mmisiri amangozitaya pambali. Dothi ndi lomwelo, chasiyanitsa ndi mmene kachitsuloko kakumanirana ndi moto.

Chodabwitsa n'chakuti vuto la amayi oumbawa ndi lomwe lakhala likuzunguza mitu akatswiri a sayansi ku Japan ndi ku Germany, kungoti iwo saumba ndi dongo. Amaumba ndi zinthu za mtundu wa pulasitiki zotchedwa polymer.

Anthu a ku Nkhata Bay polymer amaiona tsiku ndi tsiku. Utomoni woyera umene umakhetsedwa m'mitengo ya labala ku esiteti ya Vizara ndi polymer yachilengedwe: tizidutswa tating'ono tosaoneka ndi maso tolumikizana ngati mikanda paulusi wautali. Labala akapsa amangosanduka utsi wakuda. Koma ilipo polymer ina imene muunyolo wake muli silicon, chinthu chomwe chimapanga mchenga. Yodziwika kwambiri ndi silicone, phala lam'chubu lija amisiri amamatira magalasi a mawindo. Polymer ya mtundu umenewu ikaotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,000 m'ng'anjo yopanda mpweya wamba, siithera mu utsi. Imasiya chinthu cholimba cha gulu limodzi ndi mbiya kapena kapu yadothi, chimene akatswiri amati ceramic.

Amene adatchuka ndi njirayi ndi Seishi Yajima wa payunivesite ya Tohoku ku Japan. Mu 1975 iye adaonetsa kuti polymer yotere itha kukokedwa kukhala ulusi woonda kuposa tsitsi, kenako n'kuotchedwa mpaka kusanduka silicon carbide, mwala womwe uja umapezeka pa miyala ina yonolera zitsulo. Kampani ya Nippon Carbon idayamba kugulitsa ulusiwu m'dzina loti Nicalon. Dongo silingapotedwe ngati thonje, koma polymer imalola.

Apa mpamene mng'alu udabwereranso. Polymer ikamapsa imatulutsa mipweya yambiri ndipo imanyala koposa dongo, nthawi zina kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wake. Paulusi woonda si vuto kwenikweni, koma chiwiya chochindikala chimatuluka chili ming'alu ndi timabowo tokhatokha.

Peter Greil wa payunivesite ya Erlangen ku Germany, m'zaka za m'ma 1990, adachita zomwe amachita woumba mbiya, koma adaonjezapo nzeru ina. M'malo mothira ufa wongokhala phee ngati mapale, adathira ufa wa zitsulo monga titanium ndi chromium. Moto ukakolera, ufawo umameza kaboni wochokera mu polymer kapena mpweya wa nitrogen wam'ng'anjomo, n'kusanduka timiyala tatsopano tokulirapo kuposa mmene udalili. Kufufuma kwa chitsulo kumatseka malo amene kunyala kwa polymer kukadasiya, moti akayeza bwino muyezo wake chiwiya chimatuluka pafupifupi mmene chidalowera.

Chitsulo chilichonse chili ndi khalidwe lake. Kampani ya Ube, ya ku Japan komweko, idalowetsa titanium pang'ono muunyolo weniweni wa polymer popanga ulusi wotchedwa Tyranno, pofuna kuchedwetsa kukula kwa timibulu tam'kati mwa ulusiwo, pakuti timibulu tikakula ulusi umafumbutuka. Mu 1998 akatswiri a kampaniyi adalengeza mtundu wina wokhala ndi aluminium wochepa kwambiri, wosakwana gawo limodzi pa 100, amene amathandiza timibuluto kugwirana popanda mipata kotero kuti ulusi umapirira moto woopsa zedi. Chitsulo wamba, nickel ndi cobalt zimachita zina: zimakoka kaboni wotsala kuti ayalane m'mizere, ndipo m'timabowo mumamera tiulusi tating'onoting'ono. Zikatero chiwiyacho chimatha kudutsitsa magetsi kapena kukokedwa ndi maginito. Koma chitsulo chomwecho chikachuluka chimafulumizitsa kuphwasuka kwa chiwiya pamoto waukulu, monga zimachitira njerwa zapakhomo la uvuni zija.

Zimenezi zidachoka kale m'malabotale. Injini za LEAP, zimene zidayamba kuuluka ndi anthu mu 2016 pa ndege za Airbus A320neo ndipo zilinso pa Boeing 737 MAX, zili ndi zipangizo zolukidwa ndi ulusi wa silicon carbide pamalo otentha kwambiri. Kulemera kwake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a zitsulo zimene zinkakhalapo kale, choncho ndege imamwa mafuta ochepa.

Zina mwa zitsulozi Malawi ali nazo pansi pa mapazi ake. Mchenga wakuda wa m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Makanjira uli ndi titanium, ku Kasiya m'boma la Lilongwe kudapezeka miyala yambiri ya rutile yomwenso ndi gwero la titanium, ndipo paphiri la Mulanje pali dothi la aluminium. Kukumba n'kosavuta poyerekeza ndi kudziwa kuti kachitsulo kangati kalowe muchiyani, ndipo ndalama zambiri zimapita kwa odziwa muyezowo.

Pamsika wa ku Nkhata Bay muyezo udakali wa khutu. Wogula wozindikira amagogoda mbiya kapena dongo la mbaula ndi chala: likalira ngwee ngati belu ndiye kuti lidapsa mokwanira, likamveka phuphuphu amalibweza pansi. Akafika nayo kunyumba, tsiku loyamba amaikamo makala ochepa okha kuti itenthe pang'onopang'ono, ndipo akamaliza kuphika sazimitsa motowo ndi madzi.