KULOŴA KOLEJI YA ZISUDZO: ZIMENE MPHUNZITSI AYENERA KUDZIŴA

Mau Oyamba

Pa sukulu iliyonse pamene pali kagulu ka zisudzo pamapezeka ana a mitundu iŵiri. Alipo ana amene amaima pamaso pa anthu naseketsa kapena kuliritsa oonerera, ndipo maina awo amatchuka m'mudzi monse. Aliponso ena amene saonekera konse, amene amasunga zovala, kukumbutsa anzawo nthaŵi yoloŵera, ndi kuonetsetsa kuti mpando wa mfumu uli pamalo pake nsalu yotchinga isanatsegulidwe. Ntchito ziŵiri zonsezi zimaphunzitsidwa m'makoleji, ndipo alipo anthu amene amadya nazo moyo wawo wonse.

M'nkhani ino tifotokoza m'mene makoleji a ku America amasankhira ophunzira a mbali ziŵirizi. Tatenga chitsanzo cha dziko limenelo chifukwa njira yawo yosankhira idakhazikika kale, ndipo imaonetsa poyera zimene akatswiri amafuna mwa wophunzira. Pamene mukuŵerenga muona kuti zambiri zimene makolejiwo amapempha ndi umboni wa ntchito imene mwana adaigwira akali pa sukulu. Umboni umenewo umapezeka kapena kusoŵa malinga ndi m'mene mphunzitsi adayendetsera kagulu kake.

1. Madigiri Aŵiri

Sukulu yoyamba kupereka digiri ya zisudzo ku America ndi imene lero imatchedwa Carnegie Mellon University, mu mzinda wa Pittsburgh, ndipo idayamba maphunziroŵa m'chaka cha 1914. Sukulu ya Juilliard ku New York idatsegula gawo lake la zisudzo mu 1968. Lero makoleji ophunzitsa zisudzo m'dzikomo ndi ochuluka, koma madigiri awo oyamba ali m'magulu aŵiri, ndipo onse amatenga zaka zinayi.

Digiri ya Bachelor of Arts, mwachidule BA, imapatsa wophunzira maphunziro osiyanasiyana monga mbiri yakale, zilankhulo ndi sayansi, ndipo zisudzo zimangotenga gawo limodzi la nthaŵi yake. Kaŵirikaŵiri munthu amaloŵa digiri imeneyi ndi zotsatira za mayeso ake a sukulu basi. Digiri ya Bachelor of Fine Arts, mwachidule BFA, ndi yosula munthu pa ntchito imodzi. Pafupifupi magawo aŵiri mwa atatu a nthaŵi yake amathera pa kuphunzira mau, kayendedwe ka thupi, kuyeserera maseŵero, kapena ntchito za kuseri kwa siteji. Wofuna digiri ya BFA amadutsa pa makomo aŵiri. Koleji iyenera kukhutira ndi maphunziro ake a m'kalasi, ndiponso aphunzitsi a zisudzo ayenera kukhutira ndi luso lake. Wakhoza pa khomo limodzi lokha sadaloŵe.

Chaka cha maphunziro chimayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, koma makoleji ambiri otchuka amatseka kulandira mafomu mu Disembala kapena Januwale, ndipo mayankho amatuluka mu Malichi kapena Epulo. Motero kukonzekera kumayamba kukali chaka chathunthu.

2. Khomo la Wochita Seŵero

Wofuna kuphunzira kuchita maseŵero amayesedwa pamaso pa oŵeruza, ndipo mayeso ameneŵa amatchedwa audition. Kaŵirikaŵiri amapemphedwa kukonza zigawo ziŵiri za mau olankhula munthu mmodzi yekha, zochokera m'maseŵero osindikizidwa, chilichonse cha mphindi imodzi kapena ziŵiri. Zigawozo ziyenera kusiyana. China chikhale cha m'maseŵero akale monga a Shakespeare, china cha masiku ano. China chachisoni, china choseketsa. Makoleji ena amapemphanso nyimbo yaifupi. Masiku ano ambiri amayamba apempha kuti wophunzira adzijambule pa vidiyo, ndipo okhawo amene akhoza pamenepo ndiwo amaitanidwa. Pofuna kuchepetsa ndalama za maulendo, makoleji angapo amakumana pamodzi mu Januwale ndi Febuluwale m'mizinda ya New York, Chicago ndi Los Angeles, kuti wophunzira ayesedwe ndi makoleji ambiri pa masiku oŵerengeka.

Malo ndi ochepa zedi. Ku Juilliard kalasi la chaka chimodzi silifika ophunzira 20, chonsecho ofunsira malo amapitirira chikwi. Nanga m'mphindi ziŵiri oŵeruza angaone chiyani? Choyamba, amafuna kuona ngati wophunzira akudziŵa munthu amene akulankhula naye m'seŵeromo ndi chimene akufuna kwa iye. Mwana amene wangoloŵeza mau amalankhula ndi mphepo, pamene amene waŵerenga seŵero lonse amalankhula ndi munthu, ngakhale munthuyo palibe m'chipindamo. Chachiŵiri, amamvetsera ngati mau akutuluka bwino popanda kukuwa. Chachitatu, ndipo ichi nchachikulu, nthaŵi zambiri amamuuza kuti abwereze chigawo chomwecho mwa njira ina, monga kunena mau aukali ngati akutonthoza mwana wodwala. Pamenepa akufuna kudziŵa ngati munthuyo ndi wophunzitsika. Koleji ikusankha munthu woti imsule kwa zaka zinayi, ndipo amene sangathe kusiya njira imene adaizoloŵera kuphunzitsa kwake nkovuta.

3. Khomo la Woyang'anira Siteji

Ntchito ya woyang'anira siteji, amene pa Chingerezi amatchedwa stage manager, sidziŵika bwino, choncho tiyambe taifotokoza. Wotsogolera seŵero ndiye amaganiza m'mene seŵero lidzaonekere, ndipo woyang'anira siteji amasunga maganizowo ndi kuonetsetsa kuti akuchitika chimodzimodzi tsiku lililonse. Iye amalemba ndondomeko ya masiku oyeserera, amalemba pansi malo a makoma ndi zitseko za siteji, amasunga mndandanda wa zovala ndi zipangizo, ndipo pakutha pa tsiku amalemba lipoti lopita kwa osoka zovala, amisiri a matabwa ndi a magetsi. Tsiku loonetsa seŵero likafika, iye ndiye amalamula kuti nyale iyake, nyimbo iyambe, kapena nsalu itsekedwe. Amayamba wachenjeza ndi mau akuti "standby", ndipo palibe amene amakhudza chilichonse asanamve mau akuti "go". M'magulu a akatswiri, wotsogolera amachoka seŵero likangoyamba kuonetsedwa, ndipo limatsala m'manja mwa woyang'anira siteji.

Chida chake chachikulu ndi buku lotchedwa prompt book. M'bukumo tsamba lililonse la mau a seŵero limayang'anizana ndi tsamba lopanda kanthu, pamene amalembapo ndi pensulo mayendedwe a aliyense: waloŵera kuti, waima pati, wakhala pansi pa liu liti. M'mphepete mwa mau amalemba zizindikiro za nyale ndi nyimbo, chilichonse ndi nambala yake. Buku labwino ndi limene munthu wina angalitenge mwini wake atadwala, nayendetsa nalo seŵero popanda kufunsa.

Wofuna maphunziro ameneŵa sayesedwa ndi audition ayi. Amapemphedwa kutumiza mtokoma wa ntchito zake umene umatchedwa portfolio, kenaka amaitanidwa kuti akacheze ndi aphunzitsi a kolejiyo. Mu mtokomamo mumakhala masamba a prompt book yake, ndondomeko za masiku oyeserera, mndandanda wa zipangizo, malipoti, zithunzi, ndi mndandanda wa maseŵero amene adagwirako ntchito. Pocheza naye amamufunsa za mavuto amene adakumana nawo: adatani pamene mmodzi wa ochita seŵero sadabwere, kapena pamene anzake aŵiri adakangana nthaŵi yoyamba itayandikira. Amafuna munthu wadongosolo, wodekha, wolemba zomveka, ndi wotha kulamula anzake popanda kuŵanyoza.

Onani tsono kusiyana kwake. Wochita seŵero amanyamula luso lake m'thupi mwake, ndipo angathe kuliwonetsa tsiku lomwelo. Woyang'anira siteji luso lake lili pa mapepala. Ngati mphunzitsi ankachita yekha ntchito zonse za kuseri, kapena ngati mapepala adatayidwa seŵero litatha, mwanayo adzafika pa khomo chimanjamanja ngakhale adagwira ntchito zaka zinayi.

4. Nkhaniyi Itikhudza Bwanji

Mwina wina afunsa kuti za ku America zili ndi phindu lanji kwa mphunzitsi wa ku Malaŵi. Zisudzo za m'dziko lino zakulira kwambiri m'sukulu. Mpikisano wa maseŵero a sukulu za sekondale wokonzedwa ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM udayamba mu 1969, ndipo gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College lidayamba mu 1970. Dunduzu Chisiza Junior adadziŵika koyamba pa mpikisano wa ATEM akali mwana wa sukulu. Pambuyo pake adakaphunzira zisudzo ku Philadelphia, ku America, ndipo atabwerako adakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Njira yochokera pa siteji ya sukulu kukafika ku koleji ya kunja ena adaiyendapo kale.

Lero zisudzo zimaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba, imene mpaka 2021 inkadziŵika ndi dzina la Chancellor College. Kuloŵa kumeneko kumatsamira pa zotsatira za mayeso a MSCE, ndipo wophunzira ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Nchifukwa chake mwana amene amathaŵa m'kalasi ponamizira kuyeserera seŵero akudzitsekera yekha khomo, kuno ndi kunja komwe.

5. Zoyenera Kuchita Mphunzitsi

Kaya mudzaphunzitsa Expressive Arts ku pulaimale, kaya mudzayang'anira kagulu ka zisudzo ku sekondale, zinthu zisanu izi mungathe kuzichita popanda ndalama zambiri.

Choyamba, pa seŵero lililonse sankhani woyang'anira siteji, mutchule dzina lake pamaso pa onse, ndipo mumpatse mphamvu zenizeni. Iye ndiye aitane maina, asunge nthaŵi, ndi kupereka chizindikiro choyambira. Inu mukhale pakati pa oonerera. Tsiku loyamba mtima udzakuthamangani, koma mwana saphunzira udindo pamene mphunzitsi waima kumbuyo kwake. Musapereke ntchitoyi ngati chitonthozo kwa amene walephera kupeza mbali m'seŵero. Ipatseni kwa mwana amene mwamuona kuti saiŵala zinthu, mtsikana kapena mnyamata.

Chachiŵiri, mphunzitseni kupanga prompt book ndi kope wamba. Amate kapena akopere mau a seŵero pa masamba a kudzanja lamanja, ndi kusiya a kumanzere kuti ajambulepo siteji ndi mayendedwe. Alembe ndi pensulo, chifukwa mayendedwe amasintha. Ngakhale sukulu ilibe magetsi, zizindikiro zilipo ndithu: kulira kwa ng'oma, kuyamba kwa nyimbo, kutsegula nsalu, kuloŵetsa mpando. Kuti muyese bukulo, tsiku lina lipatseni mwana wina kuti ayendetse nalo chigawo chimodzi. Pamene wasokonezeka ndi pamene bukulo lipereŵera.

Chachitatu, zoloŵezani ochita seŵero kulankhula okhaokha kwa mphindi imodzi. Mwana asanayambe mumfunse mafunso atatu: ukulankhula ndi yani, ukufuna chiyani kwa iye, ndipo chikukuletsa nchiyani kuchipeza? Akatha, msinthireni chinthu chimodzi, monga kuti amene akulankhula naye ali kutsidya kwa mtsinje, kapena kuti wina wagona pafupi ndipo sayenera kudzuka. Phunziro limeneli limathandizanso pa kuŵerenga mokweza ndi pa kumvetsa nkhani, ngakhale kwa ana amene sadzakwera pa siteji.

Chachinayi, sungani mbiri ya kagulu kanu. Lembani m'buku limodzi dzina la seŵero, tsiku, malo, ndi ntchito ya mwana aliyense. Jambulani zithunzi ngati nkotheka, ndipo prompt book muibwezere kwa mwini wake. Makoleji amapemphanso makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi. Kalata yongonena kuti mwanayu ndi wakhama ndi waulemu ilibe mphamvu, pakuti mau otere amalembedwa za aliyense. Kalata yonena kuti adayendetsa maseŵero atatu, ndi kuti tsiku lina mvula itasokoneza bwalo iye adasamutsira anzake m'kalasi nayambitsa seŵero pa nthaŵi yake, imaonetsa munthu. Simungalembe kalata yotere patapita zaka zitatu ngati simudalembe kanthu pa nthaŵiyo.

Chachisanu, nenani zoona kwa ana ndi makolo awo. Pa makoleji monga Juilliard ndi Carnegie Mellon malipiro a maphunziro okha amapitirira madola 50,000 pa chaka, osaŵerengera chakudya, malo ogona ndi ulendo. Popanda thandizo la ndalama, mabanja ambiri sangakwanitse. Amene akukanidwa ndi ochuluka koposa olandiridwa, ndipo ambiri mwa okanidwawo ali ndi luso ndithu. Mwana wofunitsitsa alembere makoleji angapo, aŵerenge yekha malamulo a koleji iliyonse popeza amasiyana ndiponso amasintha, ndipo asanyoze maphunziro amene ali pafupi.

Mau Otsiriza

Mwa ana amene mudzaŵaphunzitsa, oŵerengeka okha ndiwo adzafunsira malo ku koleji ya zisudzo, ndipo simungadziŵiretu kuti ndi ati. Koma mwana amene waphunzira kusunga nthaŵi, kulemba zimene wina angazitsate, kulankhula momveka, ndi kulandira malangizo popanda kukwiya, sadataye kanthu ngakhale atadzakhala namwino kapena mlimi. Akulu adati m'mera mpoyamba. Pamene mupita kukayeserera kuphunzitsa, pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu kuti mukonze kaseŵero ka mphindi khumi, musankhe woyang'anira siteji, ndipo pobwerera ku koleji mudzatenge kope lake kuti tidzaliwone pamodzi m'kalasi, kenaka mudzalibweze kwa mwini wake.