Pikapu Yokana Kulira M'nyengo ya Chisanu

M'miyezi ya June ndi July, ku Dedza, ku Angónia kapena ku Chipata, pikapu yakale ya dizilo imatha kukana kulira m'mamawa, alimi akudikira mlangizi kumunda wachitsanzo. Ambiri amanamizira batire, chonsecho vuto lili pa mapulagi otenthetsa, amene amakaniki amati mahita.

Injini ya dizilo imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Ikakhala yozizira, mapulagiwa ndiwo amathandiza. Akafa, imavuta kulira ndipo imatulutsa utsi woyera.

Makaniki wosamala amayamba wafunditsa injini, nachotsa waya wa negativi pa batire ndi kachitsulo kolumikiza mapulagiwo. Lililonse amaliyeza ndi mita: labwino limaonetsa pafupifupi 1 ohm. Lokana kumasuka amalithira mafuta ofewetsa dzimbiri n'kudikira, pakuti likathyokera m'kati, pangafunike kuchotsa mutu wa injini, maulendo a kwa alimi n'kuima. Amasintha onse anayi, akutsata mavolti olembedwa pa akalewo, ndipo pomanga amayamba ndi zala asanagwire sipanala.

Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi May, chisanu chisanafike.