Timu ya sukulu: phunziro la Mzuni kwa a ku Mangochi

Ku Mangochi mpira sasaka ndi nyali. Kuyambira pa Boma, kudzera ku Makawa mpaka ku Monkey Bay, dzuwa likangopendeka anyamata amakhala ali pabwalo, ena pamchenga wa m'mbali mwa nyanja. Sukulu zaukachenjede ziliponso: ya zausodzi ya Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe, komanso yunivesite ya DMI St John the Baptist. Bwalo la Mangochi nalo lalandirako masewero a ligi yaikulu.

Ndiye kodi timu ya sukulu ya kunyanja ingathe kupirira chaka chathunthu mu Super League? Yankho likupezeka pa zomwe zidaonekera anzawo a kumpoto, Mzuni FC.

Timuyi, yomwe ochemerera ankaitcha kuti Green Intellectuals, idali ya Mzuzu University, sukulu yomwe idatsegula zitseko mu 1999. Idayamba kusewera mu ligi yaikulu mu 2015 ndipo kwawo kudali pabwalo la Mzuzu. Kwa zaka zingapo idalimbana ndi akuluakulu monga Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers osatsika m'ligi.

Koma mu 2019 zinthu zidatembenuka. Sukuluyo idasiya kuthandiza timuyo ndi ndalama, ndipo anyamata adalowa m'ligi akudalira akufuna kwabwino. Ligi ya chakacho, yomwe inkatchedwa TNM Super League, idali ndi matimu 16. Izi zikutanthauza masewero 30 pa timu iliyonse, 15 mwa iwo koyenda, pomwe matimu atatu akumunsi ankadula zisa.

Ulendo wochoka ku Mzuzu kukafika ku Blantyre ndi wa makilomita oposa 600. Pamafunika basi, mafuta, malo ogona, chakudya ndi kangachepe ka osewera. Ndalama zapakhomo pa bwalo sizingakwanire zonsezi, makamaka tsiku lomwe kwabwera timu yopanda ochemerera ambiri.

Ngakhale zidali choncho, Mzuni idapulumuka chaka chimenecho pamene Nyasa Big Bullets idatenga ukatswiri. Koma dzina silidapulumuke. Pofika ligi yotsatira, yomwe idachedwa kuyamba mu 2020 kaamba ka mliri wa Covid-19, timuyo idali itasanduka Mzuzu Warriors, ndipo sipadapite nthawi idatuluka m'ligi yaikulu.

Vuto la timu ya sukulu si chikwama chokha. Kalendala ya ligi siyang'ana ya maphunziro. Sewero lalikulu likhoza kugwa sabata ya mayeso, kapena pa tchuthi ophunzira atabalalikira kwawo. Wosewera wodalirika akangolandira digiri pakatha zaka zinayi amanyamuka kukasaka ntchito. Pofuna kutseka mipatayi, timu imayamba kulemba osewera omwe si ophunzira, ndipo apa akuluakulu a sukulu amayamba kufunsa chifukwa chomwe ndalama zamaphunziro zikulipirira anthu akunja.

Ku Mangochi pali zinanso. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, moti kuchita zokonzekera masana n'kudzizunza. Ophunzira zausodzi nawo nthawi zina amayenera kukhala panyanja ndi m'madoko kuphunzira ntchito.

Komabe Mangochi ili ndi mwayi omwe madera ena alibe. Mahotela ndi malo ogona alendo adandandalika m'mbali mwa nyanja, ndipo kampani ya nsomba ya Maldeco ili komweko. Awa ndi omwe timu ingagogode pakhomo pawo ligi isanayambe, osati itakakamira kale panjira.

Mutu umodzi susenza denga. Timu ya Mzuni idatsamira mzati umodzi, ndipo mzatiwo utachoka denga lidapendama. Sukulu ya ku Mangochi yomwe ikulota za ligi yaikulu iyambe yawerenga mtengo wa maulendo 15 aja, ipeze oithandiza oposa mmodzi, ndipo igwirizane kuti sabata ya mayeso adzasewera ndani.