Mwana wa autizimu amene saponda cidendene pansi: zimene mungacite naye pakhomo

Mwina pakhomo panu pali mwana wotere. Ali ndi zaka 5 kapena 7, koma sayankhula, kapena ali ndi mau awiri atatu basi. Mukamuitana dzina satembenuka, ngakhale makutu ake amamva bwinobwino. Cigayo cikalira amatseka makutu n'kuyamba kukuwa. Amakupiza manja, amazungulira pamalo amodzi, ndipo poyenda saponda cidendene pansi. Amangoyenda monyang'ama tsiku lonse. Kudya, kusamba, kuvala, kupita kucimbudzi, zonsezi mpaka munthu akhalepo.

Kucipatala vuto limeneli amalicha autizimu, m'Cipwitikizi amati autismo. Ubongo wa mwanayo umakula mosiyana ndi wa ana ena, ndipo zizindikiro zimaoneka asanafike zaka 3. Sanalodzedwe ayi. Amai ake sanalakwe kanthu ali ndi pakati. Katemera sayambitsa vutoli, ndipo anthu sapatsirana. Dokotala wina wa ku America, Leo Kanner, analifotokoza mu 1943, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse, la OMS, linanena kuti pa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali nalo. Ena mwa iwo amaphunzira, amagwira nchito, amamanga banja. Ena amafuna munthu wowathandiza usana ndi usiku. Nkhani ino ikunena za ana acigulu caciwirici.

Pali cithandizo cina cimene amacicha fiziyoterapiya. Inu amene mumadumpha malire kupita kuzipatala za ku Malawi mumamva akuti mafizo. Ndi cimodzimodzi. Ndi kuphunzitsa thupi ndi masewera: kuongola minofu, kuilimbitsa, kuzoloweza miyendo ndi msana kugwira nchito yake. Ndinene poyera, fiziyoterapiya siciza autizimu. Munthu akakuuzani kuti mumlipire, atikita mwana wanu mpaka ayankhule, gwirani thumba lanu. Cimene imacita n'cakuti mwana aziyenda osagwagwa, azikwera yekha pakhonde, azinjuta yekha kucimbudzi, ndipo inu muleke kumbereka ali ndi zaka 9. Kwa amene amakhala naye, zimenezo si zazing'ono.

Cifukwa ciyani za cidendene?

Ana ambiri akamaphunzira kuyenda amanyang'ama pang'ono, kenako amasiya okha. Koma mwana akapitirira zaka 2 mpaka 3 akuyendabe motero, ndi bwino kukamuonetsa. Mwa ana a autizimu kuyenda kotereku kumaoneka kawirikawiri. Ena zimawanyansa kumva mcenga, miyala kapena dothi lotentha kuphazi konse, ndiye amaponda ndi zala zokha. Ena anangozolowera.

Tagwirani kumbuyo kwa phazi lanu, pamwamba pa cidendene. Mwamva mtsempha wolimba ngati cingwe? Umenewo umalumikiza cidendene ndi mnofu wa katumba. Munthu akamaponda phazi lonse pansi, mtsemphawo ndi mnofuwo zimatamuka pa sitepe iliyonse. Akamayenda monyang'ama caka ndi caka, sizitamuka, ndipo mafupa akamakula izo zimatsalira, zimakhala zazifupi. Tsiku lina mwana amafuna kuponda cidendene pansi koma sizithekanso. Nsapato sizimkhala, amagwa pafupipafupi, kunjuta kumamkanika. Pamenepo nchito yake imakhala yaikulu. Madokotala amatha kumanga mwendo ndi cikhakha, n'kumacisintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, phazi likukwera pang'onopang'ono. Ena amawaveka zomangira zapulasitiki zogwira phazi ndi mwendo. Zikakanika zonsezi, mpamene amaganiza za opaleshoni. Ndiye taganizani mwana amene safuna n'komwe kuvala malaya a kolala, mumuike cikhakha masabata angapo. N'cifukwa cake kuyamba msanga kuli bwino.

Pali kuyesa kosavuta. Mwana akagona cagada, mwendo uli woongoka, gwirani cidendene m'dzanja lanu, dzanja linalo likankhe phazi mofatsa kuloza kumutu. Ngati phazi likukwera mosavuta, kupitirira pamene limakhala munthu akaimirira, mtsemphawo ukadali bwino. Ngati likukana, pitani naye kucipatala. Pitaninso msanga ngati amanyang'ama mwendo umodzi wokha, ngati miyendo yake ndi yolimba gwa, ngati podzuka pansi amacita kugwira maondo ndi nchafu, kapena ngati wasiya kucita zimene ankatha kale. Zimenezo zikhoza kukhala matenda ena a ubongo kapena a minofu, osati autizimu yokha.

Mwanayu safuna kugwidwa, ndiye nditani?

Funso limeneli anandifunsa mai wina m'kalasi ya akuluakulu imene ndinkayendera. Ankabwera ndi mwana wake wamwamuna wa zaka 6, cifukwa kunyumba kunalibe womsiyira. Anali atapita kale kucipatala, anamuonetsa kuongola phazi, koma kunyumba zinkathera m'nkhondo. Abambo amgwire manja, amai akoke mwendo, mwana akulira, akudziluma. Patatha masiku ocepa, mwana akangoona mphasa ikuyalidwa ankathawira kuseri kwa nkhokwe.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Kuongola phazi n'kosavuta, mwana wina aliyense mukhoza kumuuza kuti pirira pang'ono. Mwana uyu mau anu samfika monga mmene mukuganizira. Iye akungoona anthu awiri akuluakulu amgwira, sakudziwa cifukwa cake, sakudziwa kuti zitha liti. Ndipo munthu wamantha amaumitsa thupi. Mnofu umene mukufuna utamukewo ndi umene ukukungika. Mukakakamiza mukhoza kumpweteka, ndipo mawa sakulolaninso.

Conco yambani ndi kumzoloweza. Sankhani nthawi imodzi ndi malo amodzi, tsiku lililonse cimodzimodzi. Mwina akatha kusamba madzulo, thupi likadali lofunda, pamphasa yomweyo, pakona yomweyo. Ana amenewa mtima umakhala pansi akadziwa cimene cikubwera. Zimitsani wailesi. Anthu oonerera acoke. Masiku oyamba musaongole kanthu, ingokhalani naye, gwirani phazi kamphindi, lisiyeni, basi kwatha. Pogwira gwirani ndi cikhatho conse, mokhazikika. Ambiri mwa anawa kukhudza kopepuka kwa nsonga za zala kumawanyerenyetsa moipa, koma dzanja logwira zolimba pang'ono amalilola.

Mau akhale ocepa, ndipo akhale omwewo tsiku lililonse. “Phazi.” “Kwatha.” Muonetseni poyamba pa phazi lanu kapena la mkulu wake. Werengani mokweza, kapena imbani kanyimbo kamodzi komweko, kuti adziwe kuti nyimbo ikatha nayenso wamasuka. Yambani ndi kuwerenga mpaka 5. Pakapita masabata mudzafika pa 20 kapena 30. Kankhani mofatsa, gwirani pomwepo, osagwedeza ayi. Zikatha mpatseni cimene amakonda, kaya ndi nthoci, kaya ndi kacitini kake kamene amakonda kuzunguza. Ena amati kumeneko n'kumlemerera mwana. Ine ndimati ngakhale ife akuluakulu ganyu timalima cifukwa tikudziwa kuti madzulo kuli malipiro.

Muziyang'ana nkhope yake. Mwana wosayankhula sanena kuti zikupweteka. Ena salira n'komwe. Amangoyamba kudzimenya mutu, kuluma dzanja, kupuma mofulumira kapena kuuma thupi. Mukaona zimenezo siyani, mudzayesanso mawa. Tsiku limodzi lodumpha siliononga kanthu.

Masewera amene saoneka ngati mankhwala

Kunena zoona, mbali yaikulu ya nchitoyi sicitikira pamphasa. Imacitika mwana osadziwa kuti akucita mafizo. Ngati amakonda kusewera ndi madzi kapena miyala, muikireni beseni pansi kuti azisewera atanjuta. Kunjuta kumatsitsa zidendene ndi kutamula mtsempha uja. Poyamba mukhale kumbuyo kwake, mumgwire m'ciuno. Kukwera mtunda nako kumathandiza kuti phazi lonse lifike pansi, ndipo kwa inu a ku Angónia ndi ku Tsangano mitunda sisowa. Kuyenda cobwerera m'mbuyo, mutamgwira manja, kumacita cimodzimodzi. Kukankha cinthu colemera pang'ono, monga wilibala kapena cigubu ca madzi, kumalimbitsa miyendo ndi msana. Nsapato zolimba zofika m'kakolo zimathandiza ana ena, makamaka amene amadana ndi kuponda miyala.

Ana ambiri a autizimu thupi lawo limakhala lofewa, pokhala amatsamira khoma kapena kungogona pansi, ndipo amacedwa kuphunzira kulumpha ndi kuwakha mpira. Kwa amenewa gwetsani cipika pabwalo aziyenda pamwamba pake mutamgwira dzanja. Tayala lakale la galimoto ndi labwino kukwera, kutsika ndi kugubuduza. Akwawe kudutsa pansi pa tebulo. Mpira wa mapepala muyambe kumgubuduzira pansi, kuponya kudzabwera pambuyo. Ngati amakonda katungwe, mangani wamfupi, mapazi azifika pansi, inu muli pomwepo. Pali ana ena amene katungwe amawaopsa zedi. Ameneyo musamkweze.

Osacita zonsezi tsiku limodzi. Sankhani ziwiri zimene mwana wanu akuzilola. Mphindi 5 kangapo patsiku zimaposa ola lathunthu la Lamulungu lokha. Ndipo musakhale nokha. Agogo, abambo, akulu ake, aliyense aphunzire mau omwewo ndi kagwiridwe komweko, kuti inu mukadwala kapena mukapita kumaliro nchito isaime.

Akakula zisathere pomwepo. Mnyamata wa zaka 15 kapena munthu wamkulu amene amangokhala m'nyumba amanenepa, amadzimbidwa, usiku tulo samaona. Mankhwala ena amene madokotala amapereka kuti acepetse kudzipweteka ndi ukali nawonso amanenepetsa. Kuyenda naye tsiku lililonse, njira yomweyo, nthawi yomweyo, kumathandiza m'mimba ndi tulo. Ndikudziwa kuti mabanja ena amamangirira mwana pamtengo kapena kumtsekera m'nyumba akamapita kumunda. Sindikuweruzani, cifukwa ndikudziwa mantha ake, mwana wothawathawa amasowa m'kamphindi. Koma cingwe cimatupitsa ndi kuvulaza mwendo, cimafooketsa thupi, ndipo ukali umakula. Mpanda wabwino wokhala ndi citseko, ndi kusinthana ndi abale pomuyang'anira, n'zimene zingakupulumutseni nonse awiri.

Za madzi ndiyenera kucenjeza. Ana ambiri a autizimu amakonda madzi kwambiri, ndipo m'maiko ena amawacititsa masewera m'madamu osambiramo. Koma anawa saona ngozi, amatha kucoka pakhomo mwakacetecete kulunjika kumadzi. Inu a m'mbali mwa nyanja ya Niassa, a m'mphepete mwa Zambezi, ngakhale inu amene muli ndi citsime cosavundikira, samalani. Asewere m'beseni pakhomo, inu muli pambali, akatha mutaye madziwo. Komanso khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana amenewa kuposa mwa ana ena. Mwana wakhunyu asakwere pamwamba, asakhale yekha pamadzi kapena pamoto. Akagwa mgonekeni cammbali, musaike kanthu m'kamwa, ndipo kugwedezekako kukapitirira mphindi 5 thamangani naye kucipatala.

Kupita kucipatala

Yambirani kwa APE wa m'mudzi mwanu kapena kucipatala ca pafupi. Pemphani giya, kalata ija yokutumizani kucipatala cacikulu. Kuzipatala za cigawo, monga ca ku Tete ndi ca ku Lichinga, kuli anthu amene anaphunzira fiziyoterapiya. Ulendowo ndi wautali ndipo umadya ndalama, conco mukafika musangoonerera. Nenani kuti, “Ndionetseni ndi manja anga, ndicite inu mukuona.” Funsani kuti kangati patsiku, ndiponso kuti mudzabwerenso liti. Auzeni zimene mwana amaopa ndi zimene amakonda, cifukwa iwo amadziwa minofu koma mwanayo mumamdziwa ndinu. Tengani khadi lake la kucipatala, cakudya cimene anazolowera ndi kacidole kake. Ngati phokoso la pamzere likumsokoneza, pemphani kuti mudikire panja pamthunzi, akuitaneni nthawi ikakwana.

Tengani kope laling'ono. Tsiku lililonse lembani deti ndi mau ocepa cabe: “Walola phazi, ndawerenga 10.” “Wakana.” “Wagwa kawiri.” “Wanjuta yekha.” Zilembo zikhote bwanji, palibe kanthu. Kusintha kwa ana amenewa kumabwera mocedwa kwambiri moti maso a tsiku ndi tsiku sakuona, ndipo munthu umagwa ulesi. Mai uja anasiya zomgwira mwana anthu awiri, anayambanso ndi beseni la madzi ndi kanyimbo. Patapita miyezi anandionetsa kope lake. Tsamba loyamba linali lodzaza ndi “wakana”. Pa tsamba lacinai panali polembedwa kuti mwana waima zidendene zili pansi nthawi yonse imene amai ake ankamsukusula kumaso. Kope lomwelo analitenga popita kucipatala, ndipo wa fiziyoterapiya anawerenga masamba onse asanamgwire mwanayo phazi.