Agogo a ku Magomero aitanidwe m'kalasi

Mwana aliyense wa sukulu m'dziko muno amamdziŵa John Chilembwe, popeza nkhope yake ili pa ndalama ndipo pa 15 January chaka chilichonse timamkumbukira. Koma mwana wa ku Magomero m'boma la Chiradzulu akafunsidwa kuti thangata nchiyani, kaŵirikaŵiri amangoyang'ana pansi, chonsecho agogo ake amene anabadwira m'thangatamo ali pakhonde, opanda wowafunsa kanthu. Ife tikuona kuti ichi nchomvetsa chisoni.

Ndi malo ochepa m'Malaŵi amene ali ndi mbiri yolemera ngati Magomero. M'chaka cha 1861 Bishopu Charles Mackenzie, motsogoleredwa ndi David Livingstone, anamanga kumeneko mishoni yoyamba ya UMCA pamodzi ndi anthu owomboledwa ku ukapolo. Njala, nkhondo ndi matenda zinawasamutsa chaka chotsatira. Pambuyo pake dziko lonselo linakhala esiteti ya A. L. Bruce. Alomwe ochokera ku Mozambique anapatsidwa malo okhala, koma malipiro a malowo anali thukuta: kugwira ntchito m'minda ya thonje ndi fodya ya mzungu, ina ya lendi, ina ya msonkho, miyezi nkumatalikitsidwa monga mwini afunira, pamene munda wa mlimi uli thengo. Matchalitchi amene otsatira a Chilembwe anamanga pa esitetiyo anatenthedwa. Nchifukwa chake usiku wa pa 23 January 1915 anthu analunjika kunyumba ya woyang'anira esiteti, William Jervis Livingstone, namupha.

Amene anaona usiku umenewo anatha kale. Koma thangata linapitirira mpaka 1962, ndiye kuti mwana amene anali ndi zaka 12 m'chaka chimenecho lero wapyola zaka 70. Aŵa ndiwo mboni zotsiriza, ndipo maliro aliwonse m'mudzi akutichotsera mmodzi. Pamodzi nawo chikupitanso Chilomwe, chimene adzukulu ambiri amangochimva pa moni ndi pa nyimbo zagule.

Landeg White polemba buku lake lotchedwa Magomero, limene linatuluka mu 1987, anakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi, amayi ndi abambo, kumva zimene mapepala a boma la atsamunda sanalembe. Bukulo lili m'Chingerezi, ndipo ndi angati kumudziko analigwirako? Mlendo anabwera kudzatunga pachitsime chimene eni mudzi akuchidutsa ndi ndowa zouma.

Choncho tikupempha aphunzitsi aakulu a sukulu za m'derali kuti, mogwirizana ndi mafumu ndi makomiti a sukulu, aziitana gogo mmodzi kapena aŵiri kamodzi pa teremu. Apatsidwe mpando, alankhule m'chinenero chimene afuna, ana afunse mafunso nalembe m'makope. Wokhala ndi foni ajambule mawu, atapempha chilolezo. Mphunzitsi asamdule gogo pakamwa chifukwa choti chaka chasiyana ndi cha m'buku. Zaka azikonza yekha maŵa lake. Ndipo asaitane abambo okhaokha, pakuti kumeneku mbumba ndi munda zimatsata amayi, ndipo odziŵa amene anayamba kulima pati ndi iwowo.

Akuluakulu nawonso tiwauze mosabisa: akafika m'kalasi asathe ola lonse akudzudzula kavalidwe ka ana. Mwana wokalipiridwa safunsanso.

Nkhaniyi si ya mbiri yokha. Takhala tikumva za okalamba omenyedwa ndi kuphedwa m'maboma osiyanasiyana powanamizira ufiti, ndipo kaŵirikaŵiri otsogolera chipongwecho ndi achinyamata, ena a iwo adzukulu enieni. Nkovuta kuponya mwala kwa nkhalamba imene unakhala pamapazi pake ikukufotokozera mmene amayi ake ankasenzera thonje kupita kusikelo.

Ku Magomero komweko kuli koleji yophunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi ndi osamalira anthu. Ophunzira ake popita kukayeserera ntchito m'midzi yozungulira, akuluakulu a Unduna awauze kuti anyamule kope limodzi lapadera, ayambire pa nkhalamba yaikulu koposa m'mudzimo, ndipo mwana wa sukulu akhale pambali monga mlembi.