GOLI SI LA BULU

Lero tikambe za bulu, mbale wace wa kavalo.

Pa cionetsero ca zaulimi musamangoyang'ana cimanga cokha ai. Pitaninso kumene mlangizi wa ziweto ali kuphunzitsa, mumfunse kamangidwe ka bulu pa ngolo. Ng'ombe imakoka ndi khosi, koma mphamvu ya bulu iri pa cifuwa. Mukamuika goli, khosi limacita zironda, nchenche zimaterapo, ndipo bulu amalephera nchito nthawi yotuta. Cofunika ndi lamba wotambalala ndi wofewa, wodutsa pa cifuwa.

Cina ndi ziboda. Matope a m'madambo a ku Chilwa amaoletsa ziboda. Muzicotsa matope ndi timiyala madzulo ali onse, ndipo khola likhale pouma. Inu mafumu, kafotokozeni zimenezi pa bwalo mvula isanayambe.